A Nachisale a ku Mjigo, Amene Sankakhulupirira Munthu

A Nachisale anamwalira Lachiwiri, ife tili pamzere ku mjigo. Ndowa ndi zigubu zinali zitandanda kuchokera pa simenti mpaka kunjira yopita kudooko, dzuwa litakwera kale, loko akadali pa tcheni. Panalibe amene anaganiza za imfa. Amayi ena ankati gogoyo akutikhaulitsa chifukwa dzulo lake wina anatumbulira nsomba pamjigo. Ena ankati ali m'nyumba, akusuzumira pa kabowo kuti aone amene ayambe kugwedeza loko. Inenso ndinaganiza zomwezo, mpaka ndinachotsa dzanja langa pa tcheni. Mpongozi wawo ndi amene anakankha chitseko. Anawapeza atagona chammbali, atavala kale, kiyi ali m'khosi pa chingwe cha ukonde.

Papita miyezi inayi. Ndakhala ndikutsegula kope langa n'kulitsekanso, chifukwa nkhani ya a Nachisale siyenda popanda ya Mervis, ndipo ya Mervis si yanga. Mervis ndi mwana wa mayi anga aakulu, amene akundilera, ndipo amandiposa ndi chaka chimodzi. Sabata yatha wandilola kulemba, bola ndisawonjezere kanthu komanso ndisawakometse gogoyo. Ndiyesetsa. Chaka chatha, ali Sitandade 7, Mervis anatsala ndi masiku atatu kuti achotsedwe sukulu, akalere mwana wa eni ku Lilongwe. Amene anayatsa moto umenewo anali a Nachisale. Amene anauzimitsa analinso iwo omwe.

Sanali achibale athu. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, maso ofiira chifukwa cha utsi wa zaka zambiri akuwamba nsomba. Komiti inawapatsa kiyi mjigo utathyoka kachitatu. Amalume amati anawasankha chifukwa analibe mnzawo woti n'kumukondera, ndipo mwina n'zoona. Sindinawaonepo atakhala pakhomo pa munthu akungocheza.

Sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni sankayankha msanga. Ankayamba akuyang'ana kumapazi, kenako kumaso, ngati moniwo aufufuze kaye ngati mulibe minga. Mwana akati wadzuka bwino, ankamukoka chikope cha m'munsi ndi chala chachikulu kuti aone mtundu wa mkati mwake. Ukati wadya, ankafunsa chimene wadya, waphika ndani, ndipo nthawi zina ankakununkhiza manja. Ndowa ankainunkhizanso, kuopa kuti munali usipa. Ankakonda kunena kuti mawu a mwana wa sukulu ndi oterera kuposa mlamba, koma mkono wake sudziwa kunama. Ankadziwa kuti mtsikana aliyense wa m'mudzi muno amadzaza ndowa yake atajiga kangati. Ukapumira pakati, tsiku limenelo sunkachoka usanafotokoze kuti wagona nthawi yanji, ndipo n'chiyani chikukudya.

Anthu ankapereka zifukwa ziwiri za khalidwe limeneli. Ena ankati anabadwa choncho, kuti ngakhale ali mtsikana ankawerenga nkhuku za mayi awo kawiri pa tsiku. Ena ankati anali ndi mwana wamkazi amene ankangoyankha kuti ali bwino, ali bwino, mpaka tsiku limene anamunyamula pa machira. Sindikudziwa choona. Sindinayerekeze kufunsa, ndipo iwo sanatchulepo dzina la mwana aliyense wawo pamaso panga.

Ine ankanditcha Kalaliki. Ndimayenda ndi kope laling'ono m'thumba la diresi, ndipo ndikakhala pamzere ndimalembamo tinthu ta tsikulo, chifukwa kulemba kumandiphwekera kuposa kulankhula. Iwo kopelo linkawasowetsa mtendere. Sankadziwa kuwerenga, choncho bolopeni ikamayenda ankaona ngati pali mlandu umene ukukonzedwa. Poyamba ankati ndikulembera anyamata a kudooko. Kenako anasintha, n'kumati komiti yandituma kuti ndiziwalemba zolakwa zawo. Ndikanatha kuwauza kuti ndimalemba za nyengo ndi za masamu, koma akandiyang'ana lilime linkalemera.

Malamulo awo anali ochepa koma olimba. Ankatsegula mjigo kukangoyera, n'kutseka belu la kusukulu likalira. Ankatsegulanso dzuwa litapendeka, kwa kanthawi. Masana onse loko anali pa tcheni, chifukwa ankati masana ndi pamene anyamata amabwera kudzaima pafupi ndi atsikana, n'kumapachikika pa mkono wa mjigo mpaka kuuthyola. Kuchapa ndi kutsuka mbale pamjigo kunali koletsedwa. Choncho tikaweruka kusukulu tinkasenza zovala ndi mbale kupita ku thamanda la m'bango, kuseri kwa minda ya mpunga. Madzi ake ndi ofunda, oima, ofika m'maondo. Mervis ndiye ankakhalitsamo, chifukwa zochapa za nyumba yonse zinali zake, ndipo nyengo ya mpunga ankapitiriza kukaingitsa mbalame atamira mapazi m'matope. Palibe amene ankaonapo cholakwika. Ngakhale a Nachisale, amene ankakayikira chilichonse, thamandalo sanalikayikire.

Anakangana ndi anthu ambiri, koma mkangano umene ndimaukumbukira ndi wa iwo ndi alangizi a zaumoyo. Chaka chilichonse alangiziwo amabwera kusukulu ndi ndodo yoyezera msinkhu, n'kumapereka mapiritsi a likodzo, matenda amene amachokera m'madzi oima okhala ndi nkhono. A Nachisale anawaimitsa panjira, njinga ili m'manja, n'kuwafunsa kuti ndi mankhwala amtundu wanji amene amapatsa munthu asanadwale, ndiponso mwaulere. Alangizi anafotokoza mofatsa, koma iwo anangoti chinthu chabwino sichithamangira munthu kusukulu. M'mawa mwake anatiuza atsikana tonse pamjigo kuti mapiritsiwo amatseka mimba, ndipo anatiphunzitsa kuwabisa kunsi kwa lilime. Ine ndi Mervis tinakawalavulira kuseri kwa chimbudzi, zaka ziwiri zotsatizana. Tinkaona ngati tachenjera.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mchere. Kwathu kuno mtsikana akakula amalangizidwa kuti masiku amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Akathira, odya ndiwozo amadwala mdulo, amatupa ndi kutsokomola. Mervis anaona magazi koyamba mpunga uli pafupi kucha. Anauza mayi ake, ndipo iwo anaitana amayi awiri achikulire amene anamulangiza zonse, za mchere, za nsalu, ndi za kuopa amuna. Patapita masiku awiri mayi aakulu anabwerera ku geni yawo ya nsomba ku msika wa ku boma, kumene amakhala sabata yathunthu. Bambo ake a Mervis anali ku Mbenji, kumene asodzi amakhala miyezi osabwera kumudzi. Wophika anali Mervis. Ndiwo zikawira ankandiitana chapansipansi, ine n'kuthira mchere.

Zinayenera kutha pa masiku asanu. Sizinathe. Sabata inadutsa, kenako ina. Mervis anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa amayi olangiza aja anali atanena kuti zotere zikatalika ndiye kuti mtsikana wasewera ndi mwamuna. Iye anali asanasewere ndi aliyense, koma ankati ndani angamukhulupirire. Anayamba kuwodzera m'kalasi. Ankadandaula m'mimba, chakudya ankangochitola, ndipo masiku ena ankatembenukira panjira osafika kusukulu. Ine ndinkathira mchere, n'kulemba m'kope, osadziwa china chochita.

M'mawa wina Mervis anapumira kawiri ndowa isanadzaze. A Nachisale anaimirira, anamugwira chibwano, n'kumukoka chikope. Mkati munali moyera ngati pepala. Pamzere panali amayi oposa khumi, ndipo gogoyo sanatsitse mawu.

"Mwana uyu magazi ake apita kuti? Mayi ake amufunse bwino chimene anamwa, ndi amene anamupatsa."

Aliyense anamva tanthauzo lake, kuti Mervis anali ndi pakati ndipo wachotsa. Pofika madzulo nkhaniyo inali itapeza kale mwamuna wake, wogula nsomba wina wa njinga yamoto amene Mervis sanalankhulepo naye. Ena ankati anawaona awiriwo m'bango. Ena ankati mankhwalawo anachokera kutsidya.

Amalume, mlongo wawo wa amayi athu, ndiwo mwini mbumba, choncho nkhani inafika kwa iwo. Anamukhazika Mervis pansi n'kumufunsa katatu. Iye anangolira, ndipo kulirako anakutenga ngati kuvomera. Aphunzitsi anali atatumiza kale uthenga woti mwanayu akugona m'kalasi komanso akujomba. Amalume anati sukulu yamukana, ndipo dzina la banja lisapitirire kutafunidwa pamjigo. Ku Lilongwe kunali msuweni wawo wofuna mtsikana wolera mwana. Anagamula kuti Loweruka Mervis akwera minibasi. Mayi aakulu anabwera, analira, koma sanatsutse. Nawonso ankamuyang'ana mwana wawo ndi diso la m'mbali.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinapita ndekha ku mjigo. Ndinali womaliza pamzere, ndikulemba. Nditakweza mutu ndinapeza a Nachisale ataima patsogolo panga, dzanja litatambasuka. Anati lero Kalaliki awerenge milandu yonse imene wawalembera. Anadikira anthu onse achoke, anandikhazika pa simenti, ndipo kopelo anagwira okha. Sanafune kuti ndisankhe tsamba, kuopa kuti ndidumpha poipa. Ankatsegula paliponse, n'kuloza ndi chala, ine n'kuwerenga.

Lachinayi. Kwazizira. Masamu ndalakwa atatu. Ndathira mchere.

Anatsegula pena. Lolemba. Mphepo ya mwera, mabwato sanalowe. Ndathira mchere.

Anatsegula penanso, ndipo asanandilole kuwerenga anaika chala pa mzere womaliza. Anati tizilembo iti akutiona pansi pa tsamba lililonse, tofanana ngati mapazi a nkhuku imodzi. Ndinavomera kuti ndi mawu omwewo. Anafunsa kuti kunyumba kwathu amaphika ndani. Ndinati Mervis. Anafunsa kuti nanga wamng'ono amathiriranji mchere wamkulu ali pamoto. Iwo anali mayi, yankho ankalidziwa kale. Anandiuza kuti ndibwerere kutsamba limene mawuwo anayambira, ndipo tsamba lililonse limene ndinkatembenuza, iwo ankaika kamwala pa simenti. Timiyala tinapanga mizere isanu ndi iwiri, mzere uliwonse sabata imodzi. Anayang'ana timiyalato nthawi yaitali.

"Kulibe mwezi wotalika chonchi," anatero. "Kamuitane mkulu wako. Usadutse pakhomo pa amalume ako."

Ndinayenda njira yonse ndikudziona ngati wogulitsa m'bale wake. Ndinali nditalumbira, ndipo ngakhale pakamwa panga sipananene, dzanja langa linali litanena. Mervis atamva sanandilankhule. Anangofunda chitenje n'kutsogola.

Analowa awiri m'nyumba ya gogoyo, ine ndinatsala pakhonde. Ndinamva mafunso ochepa chabe. Ankafunsa ngati magaziwo amabwera nthawi iliyonse kapena pokhapokha akataya madzi, ngati amabwera poyamba kapena pomaliza, ngati pamawotcha, ndiponso kuti amachapa kuti. Mervis ankayankha motsitsa. Koma a Nachisale sakanakhulupirira mawu okha. Anamupatsa botolo loyera n'kumulozera kubafa. Kenako ndinawaona kuseri kwa nyumba atakweza botololo kudzuwa. Atabwera anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, osayang'ana aliyense wa ife. Anangotchula liwu limodzi, kuti likodzo.

Kunyanja kuno likodzo timalitenga ngati matenda a anyamata. Iwo ndi amene amasambira tsiku lonse, ndipo akaona zofiira ena amanyadira kuti akula. Mtsikana palibe amamuganizira, chifukwa magazi a mtsikana ali kale ndi dzina lake. Mayi ake a Mervis anawapatsa dzina limodzi, a Nachisale anawapatsa lina loipa, ndipo panalibe amene anafunsa funso laling'ono lija la kubafa.

Lachinayi m'mawa, atangotseka mjigo, anapita kwa amalume. Ine ndinawatsatira patali. Anawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde ndi anzawo atatu. Amalume anamvetsera osasiya kusoka.

"Amayi, si inu nomwe munanena pamjigo anthu akumva? Lero nyimbo yasintha?"

"Ndinanena. Lero ndikunena zina," anayankha a Nachisale. "Inu a Phiri, muli kamnyamata kopanda kabudula, simunkakodza zofiira kuseri kwa bwato la bambo anu, n'kumaitana anzanu adzaone? Ndani anakukwezani minibasi ya ku Lilongwe?"

Anzawo aja anaseka mpaka mmodzi anagwetsa singano. Amalume sanaseke. Anati botolo la nkhalamba si umboni. Akufuna mawu a kuchipatala, olembedwa, ndipo akapanda kubwera pofika Lachisanu madzulo, za Loweruka zikhala momwemo.

Lachisanu a Nachisale anabwera pakhomo pathu ndi akabaza awiri. Anali atavala nsapato, zimene ndinali ndisanaonepo. Mjigo sanatsegule, ndipo kiyi anapita naye, chifukwa panalibe munthu m'mudzi monse amene akanamusiyira. Tsiku limenelo anthu anakhala opanda madzi akumwa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo a komiti anakwiya kwambiri. Ine sindinapite nawo. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Mervis, patapita milungu, atayambanso kundilankhula.

Akuti kuchipatala anayeza n'kupeza kuti ndi likodzo ndithu, lokhalitsa, komanso magazi achepa m'thupi. Mapiritsi atabwera, anali omwe aja a kusukulu. A Nachisale anawatembenuza m'dzanja, n'kufunsa anamwino ngati iwo eni anawamwapo, ndiponso ngati ali ndi ana. Anamwino anati anamwa, ndipo ana ali nawo anayi. Gogoyo anafunsa mayina a anawo, onse anayi, kuti aone ngati adodoma. Kenako anamasula chinangwa chophika chimene anamanga pa nsalu, anamudyetsa Mervis, n'kumupatsa mapiritsi. Atameza anamuuza kuti ayasamule, akweze lilime. Mervis akuti apo anafuna kuseka, koma mkwiyo unamuletsa.

Buku la kuchipatala analiwerengetsa anthu atatu asanalifikitse kwa amalume: wakabaza, aphunzitsi amene anakumana nawo panjira, ndi ine. Tonse titanena zofanana m'pamene analipereka. Amalume anawerenga okha, kawiri, n'kulibweza. Anati mwanayo apite kusukulu Lolemba. Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma matenda amachoka msanga kuposa mawu. Magazi anasiya, koma pamjigo anthu ankagwirana m'zigongono Mervis akamadutsa. Ena ankati buku la kuchipatala munthu amatha kugula. Lolemba silinamuone kusukulu. Anakhala m'nyumba, nkhope kukhoma, ndipo tsiku lachitatu anauza mayi ake kuti akufuna yekha kupita ku Lilongwe, kumene kulibe omudziwa. Amalume atamva anati minibasi sizinathe.

Kuyambira m'mawa wotsatira, a Nachisale ankayamba adzera kwathu asanatsegule mjigo. Ankagogoda pa chitseko, osalowa, osapereka moni, n'kuima pomwepo mpaka Mervis atuluke ndi ndowa. Mzere wonse unkadikira, ndipo aliyense ankadziwa amene akudikiridwa. Mervis anapempha kuti azikatunga madzulo, anthu atachepa. Iwo anakana. Ankati wobisala amapatsa miseche mpando, ndipo maso a anthu amatopa ngati munthu akuwaonekera tsiku ndi tsiku. Sankamuika patsogolo. Mervis ankaima pakati pa mzere ngati wina aliyense, n'kujiga yekha. Masiku oyamba ankapumira katatu, iwo osamuthandiza, osalolanso ine kugwira mkono wa mjigo.

Anamuikira tinthu ting'onoting'ono tosatha. Asapite kusukulu ndi m'mimba mopanda kanthu, ngakhale mbatata imodzi yotsala dzulo. Adye masamba ndi usipa, osati mandasi okha. Kukada agone, asakhale pa kanema wa kumsika. Kuthamanda asapondenso. Akaweruka adzere pamjigo anene chimene aphunzira, ngakhale iwo sankachimva. M'mawa uliwonse ankamufunsa zonsezi, kenako n'kundifunsa ine padera kuti aone ngati tigwirizana. Ankanena kuti munthu sachira ngati kuzula dzino, amachira ngati kudzaza mtsuko ndi chikho, ndipo tsiku limodzi ukasiya umapeza mtsuko watayikira. Mervis ankadana nazo. Koma ankadzuka, chifukwa kugona kunali kovuta uku gogo ataima pakhomo, mudzi wonse uli ndi ludzu.

Sabata yomweyo mjigo unayamba kutsegulidwa masana, ana akaweruka. A Nachisale analamula anyamata a kudooko kusenza miyala itatu ikuluikulu yochapira, n'kuiika chapatali pang'ono ndi simenti. A komiti atafunsa chimene chasintha, anati loko wayamba dzimbiri, akufunika kumatsegulidwa pafupipafupi. Za thamanda sanatchule. Alangizi a zaumoyo atabweranso ndi ndodo yawo, anawapeza gogoyo ataima pageti la sukulu, akuyasamulitsa mtsikana aliyense wotuluka. Alangiziwo anafuna kuwathokoza. Iwo anawafunsa ngati mapiritsi a chaka chino si otsala a chaka chatha.

Chimene Mervis ankafuna sanachilandire. M'mawa wina, atayamba kale kudzaza ndowa osapumira, anaima pamaso pawo mzere uli wodzaza. Analankhula kuti onse amve.

"Agogo, munanena anthu akumva. Bwezani anthu akumva."

A Nachisale anamuyang'ana kuyambira kumapazi, monga mwa nthawi zonse.

"Senza, mwanawe. Belu lilira."

Zinathera pomwepo. Mawa lake gogoyo analengeza kuti aliyense amene amvekenso akutchula za wogula nsomba uja azikatunga kunyanja, ndipo mayi mmodzi anamubwezadi ndi ndowa youma. Miseche inachepa. Koma Mervis amati kuopseza anthu si kupepesa, ndipo ine sindingamutsutse. Mpaka lero sindidziwa ngati ankagogoda pakhomo pathu chifukwa chomukonda Mervis, kapena chifukwa loko wawo, lilime lawo ndi malangizo awo a mapiritsi zinkawasowetsa tulo. Nthawi zina ndimaganiza kuti ankangodana ndi kupezeka olakwa, ndiye anafuna kuti mwanayo achire msanga mlandu ufafanizike. Ndayesa kuwerenganso kope langa la miyezi imeneyo kuti ndipeze tsiku limene anamulankhula mokoma. Sindinalipeze. Ndapeza kuti anagogoda m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu, ngakhale masiku a mvula, ngakhale sabata imene anatupa bondo.

Mervis anakhoza kupita Sitandade 8 movutikira, ali chakumapeto kwa mndandanda. Chaka chino anakwera pang'onopang'ono. Analemba mayeso, ndipo patangotha milungu iwiri a Nachisale anamwalira. Pamaliro Mervis sanalire, sanaimbe, sanalowe m'nyumba ya siwa. Anatunga madzi a pamaliro masiku awiri, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osalola wina kumulandira. Anthu anamuyang'ananso. Ena ankati akuthokoza, ena ankati akuonetsa kuti iye ali moyo. Nditamufunsa anati madzi ankafunika.

Zotsatira zinatuluka, ndipo dzina lake linalipo, pa sekondale yoyendera ya kuno kwathu. Amalume anamugulira nsapato. Lolemba lapitali linali tsiku lake loyamba. Njira yachidule yopita kumsewu sidzera ku mjigo, koma iye anati tidzere komweko, ndipo ndinamuperekeza.

Komiti sinapeze wina wofuna ntchitoyo, choncho mjigo umakhala wotsegula usana wonse. Mzere kulibenso, aliyense amangolowa pamene wapeza mpata. Ngalande yotulutsa madzi yatsekeka ndi makoko a nzimbe ndi mapepala a sopo, ndipo kumapeto kwake kwapangika chithaphwi chobiriwira mmene abakha amasambira. Mkono wa mjigo wayamba kulira ukamakwera. Pafupi ndi mpanda pali malo osalala, aakulu ngati lichero, pamene dothi linalimba chifukwa cha kukhalapo munthu mmodzi zaka zambiri. Udzu wamera mozungulira koma pakatipo sunalowe. Ndinaona kuti amayi akamatula ndowa amapalambalala, ngakhale palibe anawauza.

Mervis anaima pamenepo ndi yunifolomu yake yatsopano, chikwama kumsana. Amayi amene analipo anamupatsa moni, anayamikira siketi, anamufunsa ngati wadzuka bwino. Anati wadzuka bwino. Onse anamukhulupirira nthawi yomweyo, n'kubwerera ku ndowa zawo. Iye anakhalabe chiimire kanthawi, chibwano atakweza pang'ono, akuyang'ana dothi lolimbalo.

"Tiye," anatero. "Ndichedwa."